Mikeka Yonyowa ya ku Nyankhombe

Paison anabadwira kwa Chapananga, kumene mtsinje ndi mchenga woti ukumbe kaye kuti uone madzi. Anakula, anakwatira, anakhala mbusa wa kampingo kakang'ono kufupi ndi Bangula, koma anali asanakwerepo bwato. Nchifukwa chake anthu anaseka tsiku limene Mayi Faness anamuphatikiza ndi a Tomasi a ku Nyankhombe, mudzi wa kutsidya kwa Shire, cha kumunsi kwa Chiromo.

Mayi Faness ndiwo ankatsogolera maphunziro a atsogoleri a mipingo ku Bangula. Mwezi uliwonse ankasonkhanitsa abusa, akulu a mpingo, akatekisiti ndi amayi otsogolera anzawo, a mipingo yosiyanasiyana, m'kalasi yobwereka ya pasukulu ya pulayimale. Ankawaphunzitsa kukonza ulaliki, kuzonda odwala, kuyanjanitsa banja popanda kuchititsa munthu manyazi. Koma lamulo lawo lalikulu linali lakuti mtsogoleri asayende yekha. Aliyense ankapatsidwa mnzake wa mpingo wina, woti azimuyendera, azimufunsa za moyo wake, ndi kumudzudzula pakafunika kutero.

"Wa kumtunda ndi wa kumadzi," anatero Mayi Faness, osaseka nawo. "Mudzaphunzitsana."

A Tomasi anali bambo wachikulire, wamfupi, wa manja olimba chifukwa cha nkhafi. Sanapiteko kusukulu ya ubusa, koma ankalalika ku Nyankhombe kuyambira ali mnyamata. Polankhula ankasakaniza Chimang'anja ndi Chisena osazindikira. Akamabwera ku maphunziro ankamubweretsera Paison mlamba wowamba, ndipo nthawi zonse ankafunsa funso lomwelo: "Abusa, mubwera liti kudzaona nkhosa zanga?" Paison ankayankha kuti mvula ikatha.

Mvula ya chaka chimenecho inatha itatenga mudzi. Namondwe atawomba, Ruo ndi Shire anakumana ali okwiya onse, madzi anayenda m'minda ndi m'nyumba ngati alibe kwawo. Anthu ambiri a ku Nyankhombe anapulumuka m'mitengo ndi pamadenga. Ena sanaonekenso, ngakhale mitembo yawo. Mmodzi wa iwo anali a Teresa, akazi awo a a Tomasi. Otsala anasamutsidwira kumtunda, mbali ya kuno ya Shire, pamalo a miyala pamene anamangapo zisakasa.

A Tomasi sanabwerenso ku maphunziro. Foni yawo inkangoyankha kuti sakupezeka. Miyezi inadutsa, dzuwa la Okutobala linafika, lija lotentha mpaka mbuzi kubisala pansi pa ngolo. Tsiku lina anthu akubalalika, Mayi Faness anamuimitsa Paison pakhomo la kalasi.

"Abusa, mpando wa mnzanu ukhala wopanda munthu mpaka liti?"

"Ndamva kuti ali kumalo atsopano aja, mayi. Mwina akadali pa chisoni."

"Mwamva. Ine ndimafuna amene waona."

M'mawa mwake Paison anapalasa njinga kupita kuzisakasa zija. Kumeneko anamulozera kwa Mayi Clotilda, amene kale ankatsogolera nyimbo mumpingo wa a Tomasi. Anawapeza akusenda chinangwa pamthunzi wa chinsalu cha lona.

"A Tomasi kuno kulibe," anatero mayiwo osakweza mutu. "Anakhala nafe pang'ono, kenako anabwerera."

"Anabwerera kuti?"

"Kumudzi."

"Kodi kuli mudzi?"

"Kuli mchenga." Anaika mpeni pansi. "Asodzi amati dzuwa likafika pamutu, belu limalira. Ena amati amamva nyimbo. Osati ya munthu mmodzi. Masiku ano palibe amene amaponya ukonde kufupi ndi kumeneko."

Paison anafunsa kuti nanga kuno amapemphera bwanji. Mayi Clotilda anapukusa mutu. Anati Lamulungu aliyense amangokhala pakhomo pake, kuti ana obadwa chisamukire sanadalitsidwe, kuti amuna ayamba kumwa m'mawa. Paison anawafunsa ngati nawonso anataya munthu pamadzi paja.

"Ine ayi," anayankha msanga. "Mwana wanga Mavuto madzi anamutengera ku Mozambique. Wina anamuona kumsika kumeneko. Akapeza pokwerera abwera."

Wopalasa bwato amene anavomera kumuwolotsa anali Ernest, bambo wa imvi pang'ono, wosalankhulalankhula. Paison anakhala pakati pa bwato atagwira m'mbali ndi manja onse, maso ali pa mapazi ake. Anadutsa m'tinjira ta pakati pa bango ndi namasupuni, m'madzi akuda ofunda. Poyamba kunali phokoso la mbalame. Kenako linayamba kuchepa, mpaka kunatsala kulira kwa nkhafi kokha.

Ernest anakocheza pamchenga woyera wotambalala ngati bwalo la mpira, koma sanatsike.

"Pitani molunjika pamtengo wa mango uwo. Ine ndikhala muno."

"Simupita nane?"

"Nkhabe," anakana m'Chisena, akuyang'ana kumadzi.

Mchenga unali kutentha kudutsa m'nsapato. Paison anayenda akuyang'ana uku ndi uku, kufuna nyumba, koma panalibe. Anaona mpope wa mjigo utangotulukira chogwirira chokha. Anaona mitengo ya mango imene nthambi zake zinayambira pansi penipeni, ngati mitengo yogwada. Apa ndi apo panali nsonga ya khoma. Ndi pamene anazindikira kuti akuyenda pamwamba pa mudzi, kuti pansi pa mapazi ake pali zitseko, mitondo, mabedi. Panalibe ntchentche, panalibe ngakhale buluzi.

Belu linalira, chitsulo cha limu ya galimoto chomenyedwa pang'onopang'ono. Litaleka, nyimbo inayamba.

Paison anaima. Inali nyimbo yoyambira mapemphero, yoti wina atsogole ena avomereze. Mawu otsogola anali a a Tomasi, okalamba, osweka pang'ono. Koma panali ovomereza. Ankamveka chapansipansi, ngati anthu oimba m'nyumba yotseka uli patali: mawu a amayi pamwamba, a abambo pansi, ndi kamawu kamodzi ka mwana kothamangira patsogolo pa anzake. Paison anadziuza kuti ndi mphepo yolowa m'malata. Koma masamba a mango sankagwedezeka.

Tchalitchi linali litakwiririka mpaka m'mawindo. Denga linali lofika m'chifuwa mwake. Pawindo limodzi mchenga unali utakumbidwa, ndipo anawerama nalowa chokwawa, natsetserekera mkati.

Nyimbo inadukira pomwepo.

Mkati munali mdima wozizira. A Tomasi anali chiimire kutsogolo, mutu wawo utatsala pang'ono kugunda mitanda ya denga, atavala jekete lawo lakale la Lamulungu ngakhale linali Lachitatu. Anali atawonda mpaka jeketelo kulendewera. Patsogolo pawo, pamchenga wosesedwa bwino, panali mikeka yoyalidwa m'mizere, mbali ya amayi ndi mbali ya abambo. Panalibe munthu wina aliyense.

"Abusa Paison," anatero a Tomasi mosadabwa. "Takhuta, zikomo. Mwabwera kudzaona nkhosa."

"Ndabwera kudzaona inu, bambo."

"Ndi chimodzimodzi. Khalani."

Paison anapita pamkeka wa kutsogolo, koma a Tomasi anakweza dzanja.

"Pamenepo ayi. Pakhala a Teresa. Khalani apo, pafupi ndi chipupa."

Pokhala anatsamira dzanja pamkeka woyandikana nawo, ndipo analichotsa msanga. Mkekawo unali wonyowa. Osati wonse: panali malo ozungulira, kukula ngati pokhala munthu, ndi ena pambali pake, ndi ena. Anayang'ana m'mizere monse. Paliponse panali madontho akuda otero, akuluakulu ndi ang'onoang'ono. Fungo linali la matope a mumtsinje. Kunja, mvula inali isanagwe chichokere mwezi wa Epulo.

"Lero tili ndi mlendo," a Tomasi analankhula ku mikeka ija. "Mnzanga uja ndinkakuuzani, wa kwa Chapananga. Atigawira mawu."

Paison anafuna kukana, koma a Tomasi anali atakhala kale pansi, manja pamaondo, akudikira. Paison anaimirira. Zonse zimene anaphunzira za kukonza ulaliki zinamuthawa. Anangonena salimo la mbusa, limene analiloweza ali mwana, mawu ake akumveka achilendo m'makutu mwake. Atafika pa chigwa cha mthunzi wa imfa analephera kupitiriza. Anangoti, "Ambuye akhale nanu."

A Tomasi anati, "Ame." Ndipo pambuyo pa "Ame" wawoyo, mochedwa pang'ono, panamveka wina, wofewa, wa anthu ambiri, ngati madzi akuphwa mumchenga.

Atatuluka anakhala pansi pa mango. A Tomasi anatulutsa mbatata yootcha ya m'kadimba kawo nagawa pawiri. Paison anaika yake pambali.

"Bambo, kodi mumawaona?"

"Kuwaona ayi. Koma mbusa amadziwa wakhala pati. Aliyense amakhala pamalo pake pa kale." Anatafuna pang'onopang'ono. "Ndinabwera kudzafuna a Teresa, kuti mwina ndipeze ngakhale chitenje. Ndinakumba, sindinapeze kanthu. Tsiku lina ndinalowa m'tchalitchi kuthawa dzuwa, ndinayamba kuimba ndekha. Anavomereza. Ndiye ndikanachoka bwanji? Ngakhale amene sanali a mpingo wathu amabwera. Akatolika alimo. Aja ankati mapemphero ndi a akazi, alimo."

"Akufuna chiyani?"

"Palibe anawaika m'manda, abusa. Palibe anawaimbira. Munthu amatuluka m'tchalitchi akadalitsidwa. Ine ndimadalitsa, koma satuluka. Ndine mmodzi. Maliro sakhala a munthu mmodzi."

"Kumtunda kuja anthu anu alibe wowapempherera."

A Tomasi anati, "Ndikudziwa. Koma awo ali ndi miyendo, angapeze wina. Awa ali ndi ine ndekha."

Paison anali atabwera ndi mawu okonzeka, oti awauze kuti akufa ali m'manja mwa Mulungu, kuti abwerere akadye bwino, apite kuchipatala. Anaona kuti akawanena, a Tomasi avomera mwaulemu, amuperekeza kubwato, ndipo mawa belu lilira.

"Ndikabwera ndi anthu, tidzawaike, mudzachoka?"

"Akachoka iwo, ine nditsalira chiyani pamchenga?"

Nkhaniyi itafika ku maphunziro ku Bangula, m'kalasi munatentha. Mbusa wina wachinyamata anati kumeneko ndi kupembedza mizimu, ndipo chofunika ndi kukatulutsa ziwanda. Katekisiti wa Akatolika anati kupempherera akufa si chinthu chachilendo. Mkulu wa mpingo wina anati a Tomasi mutu wasokonekera ndi chisoni, basi. Anamufunsa Paison ngati iye anamvadi mawuwo.

"Ndinamva," anatero. "Chimene chinali, sindikudziwa. Koma mkeka ndinaugwira ndi dzanja ili."

Mayi Faness anawasiya akangane mpaka atatopa.

"Za akufa sitimvana, ndipo sitimvana lero," anatero pomaliza. "Koma pali nkhalamba ikufa ndi njala pamchenga, ndipo pali mudzi wonse umene sunalire maliro ake. Pa zimenezo pali amene akutsutsa? Amene chikumbumtima chikumuletsa kuwoloka, atsale kumtunda akumbe manda. Ntchito ikwanira tonse."

Anagwirizana kuti akatape mchenga wa m'tchalitchi, banja lililonse wake, akauike m'manda atsopano kumtunda. Kuwakopa a ku Nyankhombe kunatenga masabata. Atsogoleri aja ankapita awiriawiri, khomo ndi khomo, kukhala pansi ndi kumvetsera. Ena anakana mpaka mapeto. Mayi Clotilda anati apita kukathandiza nyimbo chabe, poti iwo alibe maliro.

Anawoloka m'mawa, mabwato ambiri motsatizana. Anthu anatsika pamchenga. Amayi ena ankayenda monyang'ama, ena anaima pamalo opanda chizindikiro chilichonse nayamba kulira, podziwa kuti pansi pamenepo ndi pakhomo pawo. M'tchalitchi munalowa ochepa, enawo anazungulira kunja atagwada m'mawindo. Palibe amene anakhala pamkeka. Onse anaona madontho aja, ndipo palibe anafunsa.

A Tomasi anaimirira kutsogolo, Paison kudzanja lawo lamanja, katekisiti kumanzere. A Tomasi anayamba kuitana mayina, akuyang'ana pamalo pamene aliyense ankakhala. Akatchula dzina, achibale ankabwera, kutapa mchenga wa pamenepo ndi manja, kuukulunga m'kansalu. Mtsogoleri wa mpingo wa munthuyo ankapemphera mwa chizolowezi cha mpingo wake. Amene analibe mpingo anawapempherera mbusa wachinyamata uja, amene pomaliza anawoloka nawo, nkhope ili gwa. Dzina la a Teresa a Tomasi analitchula ngati ena onse, koma potapa mchenga manja anakanika, Paison anawathandiza.

Kenako a Tomasi anatembenukira kumbuyo, kumbali ya abambo.

"Mavuto."

Mayi Clotilda, amene ankatsogolera nyimbo chapansipansi, anasiya.

"A Tomasi, mwalakwitsa. Mavuto ali ku Mozambique."

Mayi Clotilda anakweza mawu.

"Anamuona kumsika! Musanditchulire mwana wamoyo pamaliro!"

"Mayi," anatero a Tomasi mofatsa, "amakhala apo, pansi pa windo, pamene ankakhala kuti azituluka msanga. Amabwera mochedwa. Nyimbo zanu zonse amazidziwa."

Mayi Clotilda anayang'ana pamalopo. Anayenda pakati pa mikeka, anthu akuwapatsa njira. Anagwada, naika chikhatho pa dontho lija, ndipo anakhala choncho osagwedezeka. Kenako anatulutsa kulira kumene Paison sanakumvepo pamaliro alionse, kochokera m'mimba, kopanda mawu. Amayi anzawo anawagwira. Anatapa okha mchenga, naukulunga m'mpango wa kumutu kwawo.

Mayina atatha, atsogoleri onse anakweza manja pamodzi nadalitsa. Anthu anati, "Ame." Paison anatchera khutu. Panalibe china chinatsatira. A Tomasi anawerama, nayamba kupinda mikeka.

Timitolo ta mchenga anatiika m'dengu limodzi, ndipo denguli linakwera bwato lomaliza, la Ernest, pamodzi ndi a Tomasi ndi Paison. Linali dengu loti mayi mmodzi anasenza pamutu kuchokera kutchalitchi. Koma atangokankha bwato, Ernest anayang'ana m'mbali, nayang'ananso. Bwato limene limanyamula matumba a chimanga linali litamira mpaka madzi kutsala pang'ono kulowa.

"Musagwedezeke," ananong'ona.

Anapalasa thukuta likutsika m'khosi, misempha ya m'manja itatuluka. Bwato linkayenda ngati likukokedwa m'matope. Paison anamva kuti wapanikizika mbali zonse, mapewa ake akuzizira ngati watsamiridwa ndi anthu ovala zonyowa. Sanatembenuke. A Tomasi anali kutsogolo, atafungatira dengu, akung'ung'udza nyimbo, nthawi zina kunena chapansipansi, "Pang'ono pokha. Tafika kale."

Mphuno ya bwato itagunda gombe la kuno, bwatolo linadzuka lokha m'madzi ngati anthu atsikamo. Ernest anakhala chigwirire nkhafi. Kenako anavula chipewa, natsatira dengu mpaka kumanda, iye amene sanali wa mpingo uliwonse.

Otsala kumtunda aja anali atakumba kale. Anaika timitolo tija dzuwa likupendeka, ndipo mudzi unalira maliro ake monga mwa mwambo, kuphika, kugona pasiwa, kumeta.

A Tomasi anadwala pambuyo pake, anagona kwa Paison mpaka anayamba kuyenda okha. Atachira anabwerera kwa anthu awo. Mapemphero ankachitikira pansi pa mtengo wa bwemba, ndipo anayamba kuphunzitsa Mayi Clotilda ndi abambo awiri kutsogolera, kuti tsiku limene iwo adzalephere kudzuka pasadzakhale chete. Ku maphunziro a ku Bangula anapemphedwa kuphunzitsa anzawo za kutumikira anthu amene anataya abale osawaika. Za mawu aja sankanena, ndipo akafunsidwa ankati afunseni abusa Paison.

Lamulungu lina Paison anapita kukawayendera. Anthu anafika mochedwa, ena ulaliki uli pakati. Mwana analira osatonthola, mbuzi inalowa pakati pa amayi, bambo wina kumbuyo anagona mpaka kuliza mkonono. Nyimbo yomaliza anaiyamba mokweza kwambiri, inawakanika, anayambanso akuseka.

Atabalalika, a Tomasi anakhala pamuzu wa bwemba akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Mwaona, abusa? Awa samva. Ndalalika za kuledzera, uyo akupita komweko." Analoza ndi mlomo bambo amene ankatsetsereka kanjira ka kumsika, kumene amagulitsa mowa. Anamuyang'ana mpaka anakhota, kenako anadzuka akugwira bondo. "Tiyeni timutsatire asanakhale pansi."